TeX ndi maprinta oyamba a laser: n'chifukwa chiyani printa iliyonse inkafuna mafayilo akeake a zilembo?

Nangozo: Ndikupempha akuluakulu a pagulu pano amene munagwirako ntchito ndi makompyuta m'zaka za m'ma 1980 kuti mundithandize kumvetsa chinthu china chimene chandizunguza mutu. Ndikusanja mafayilo akale a malume anga, amene analemba pepala lawo la digiri ya masamu ku Britain pogwiritsa ntchito LaTeX, imene inamangidwa pa pulogalamu yosanjira zolemba ya TeX, ndipo pamodzi ndi zolemba zawozo ndapeza mafayilo ambirimbiri okhala ndi dzina limodzi koma manambala osiyana: cmr10.300pk, cmr10.329pk, cmr10.360pk, cmr10.432pk, ndi ena otero. Palinso uthenga umene anadzilembera okha wakuti mafayilo amenewa ndi a printa ya m'chipinda cha makompyuta basi, chifukwa akawagwiritsa ntchito pa printa ya ku ofesi zilembo zimatuluka zoonda kwambiri. Ife a masiku ano tinazolowera kuti fonti imodzi imagwira pa printa iliyonse ndi pa kukula kulikonse. Nanga iwowa ankafuniranji mafayilo onsewa a fonti imodzi, ndipo zinkatheka bwanji kuti fayilo imodzimodziyo itulutse zilembo zonenepa pa printa ina, zoonda pa inzake?

Mbewe: Mayi Nangozo, malume anuwo ndi a m'badwo wanga, ndipo zimene mwapezazo nanenso ndinkakhala nazo. Ndiyambe ndi manambalawo. Nambala 300 ikunena madontho amene printa inkaika pa inchi imodzi, ndipo fayilo ya cmr10.300pk ndi chithunzi cha chilembo chilichonse cha fonti ya Computer Modern Roman ya mapointi 10, chojambulidwa dontho ndi dontho kuti chigwirizane ndi printa yoteroyo. Mukafuna chilembo chokulirapo cha pamutu wa nkhani, printa sinkatha kukulitsa chithunzicho yokha, kotero pankafunika fayilo ina. TeX imakulitsa pochulukitsa ndi 1.2, ndiye 300 ikakwera sitepe imodzi imakhala 360, ikakwera kawiri imakhala 432, kenako 518, 622 ndi 746. Ija ya 329 ndi theka la sitepe.

Kuti mumvetse chifukwa chake, kumbukirani mmene Donald Knuth anaigawira ntchitoyi ku Stanford. Iye anayamba kulemba TeX mu 1977 atakhumudwa ndi maonekedwe a masamba oyeserera a buku lake lachiwiri la The Art of Computer Programming, ndipo anakonza zoti TeX isadziwe kalikonse za printa. TeX imangodziwa m'lifupi, msinkhu ndi kuya kwa chilembo chilichonse, ndipo ikamaliza kusanja tsamba imatulutsa fayilo ya DVI, imene imangonena kuti chilembo chakutichakuti cha fonti yakutiyakuti chikhale pamalo akutiakuti. Maonekedwe enieni a zilembo anali ntchito ya pulogalamu ina, METAFONT, ndipo kutumiza zonsezi ku printa inali ntchito ya pulogalamu yachitatu, driver, imene inkalembedwa mosiyana pa mtundu uliwonse wa printa. Za kuonda kwa zilembo ndisiyire a Gondwe, amene amatsegula makinawa ndi manja awo.

Gondwe: Zikomo a Mbewe. Mkati mwa printa ya laser muli dramu imene imadzazidwa mphamvu ya magetsi pankhope pake ponse, ndipo kuwala kwa laser, kumene kumayendetsedwa ndi galasi lozungulira mothamanga, kumachotsa mphamvuyo pamalo pamene kwagunda. Ufa wa toner umamatira pamalo ena n'kusiya ena, kenako umasamukira papepala, ndipo pepalalo limadutsa pakati pa zogudubuza zotentha zimene zimausungunula kuti ukhazikike. Tsono opanga makina anasiyana maganizo pa mfundo imodzi. Ena anakonza zoti laser igunde pamene pakhale pakuda, ena anakonza zoti igunde pamene pakhale poyera.

Tayerekezani olemba zikwangwani awiri okhala ndi burashi yonenepa mofanana. Woyamba akulemba zilembo zakuda pabolodi loyera, ndipo burashi ikasefukira pang'ono chilembo chimanenepa. Wachiwiri wayamba ndi bolodi lakuda n'kumapaka penti yoyera mozungulira zilembo, ndipo burashi yake ikasefukira imadya chilembocho. Kuwala kwa laser n'kozungulira ndipo kumaposa pang'ono dontho limene kompyuta ikuganizira, choncho kusefukirako kunalipo nthawi zonse. Injini ya Canon CX, imene inali mkati mwa HP LaserJet yoyamba ndi Apple LaserWriter yomwe, inkalemba pakuda. Injini ya Ricoh 4080 inkalemba poyera. Ndikukhulupirira kuti printa ya ku ofesi imene malume anu ankaidandaula inali ya gulu lachiwirili.

Mbewe: Ndiwonjezere pa zimene anena a Gondwe kuti muone kuchepa kwa malo amene tinali nawo. Pa TeX inchi imodzi ili ndi mapointi 72.27, kotero pa madontho 300 pointi imodzi ndi madontho anayi ndi kachidutswa. Chilembo chaching'ono ngati x cha cmr10 chimatalika madontho pafupifupi 18. Mwendo wa chilembo ngati n ndi madontho atatu m'lifupi, pamene timizere topyapyala tolumikiza mbali za chilembo ndi kota ya pointi, kutanthauza dontho limodzi lokha. Printa ikadyako ngakhale theka la dontho limenelo, kamzere ka pakati pa e kamaduka, ndipo pa masamu, pamene pali tizilembo ting'onoting'ono ta pansi ndi pamwamba, wowerenga sathanso kusiyanitsa e ndi c. Computer Modern inkavutika kuposa mafonti ena chifukwa inatengera kalembedwe ka Monotype Modern, kamene mwachibadwa kali ndi timizere topyapyala kwambiri.

Yankho la METAFONT linali kufotokozera pulogalamuyo khalidwe la printa yanu musanapange zilembo. Munkalemba mode_def, m'mene munkaika nambala ya blacker yonena kuchuluka kwa kunenepetsa kumene kukufunika, nambala ya fillin yothana ndi toner wodzaza m'makona pamene mizere yopendekera ikumana, ndi o_correction yonena mmene zilembo zozungulira ngati o zingapitirire mzere. Pa Canon CX manambalawo anali 0, 0.2 ndi 0.6. Pa printa yolemba poyera munthu ankayenera kunenepetsa, ndipo anthu ankatumizirana manambala amene ayesa n'kuona kuti akugwira. Chimene chinkasokoneza ambiri n'chakuti dzina la fayilo silinkanena za zimenezi: cmr10.300pk ya Canon ndi cmr10.300pk ya Ricoh zinali ndi dzina limodzi koma madontho osiyana. N'chifukwa chake malume anu anadzilembera uthenga uja.

Nachisale: Bambo Mbewe, zonse mwafotokozazi n'zoona, koma ndikuopa kuti Mayi Nangozo angaganize kuti aliyense wa nthawi imeneyo ankavutika chonchi. Mavuto amenewo anali a anthu a m'mayunivesite amene ankalemba masamu. Ife amene tinkagwira ntchito yosindikiza timabuku, makalata a nkhani ndi mapulogalamu a zochitika tinadutsa njira ina, ndipo ndikunena mosabisa kuti inali njira yabwinopo. John Warnock ndi Charles Geschke atachoka ku Xerox PARC anayambitsa Adobe mu 1982, n'kupanga PostScript, chinenero chimene chimafotokoza chilembo ngati mzere wozungulira m'mphepete mwake osati ngati madontho. Apple itatulutsa LaserWriter mu 1985 inaika PostScript mkati mwa printa mwenimwenimo, pamodzi ndi mafonti 13 a mabanja a Times, Helvetica, Courier ndi Symbol. Printayo inali ndi purosesa ya Motorola 68000 yothamanga pa 12 MHz ndi memory ya 1.5 MB, kutanthauza kuti inali yamphamvu kuposa Macintosh imene inkaitumizira ntchito. Chaka chomwecho kampani ya Aldus inatulutsa PageMaker, pulogalamu yosanjira masamba pa kompyuta.

Ubwino wake unali uwu: mukafuna mutu wa mapointi 37 munkangolemba 37, ndipo printa inkapanga yokha madontho oyenera. Panalibe kudikira kuti METAFONT ijambule fonti yatsopano. Koposa apo, fayilo imodzimodziyo imene mwayesera pa LaserWriter munkatha kupita nayo kwa amene ali ndi makina aakulu a osindikiza mabuku otchedwa Linotronic, n'kuitulutsa pa madontho 1270 kapena 2540 pa inchi osasinthamo kanthu. Ine ndinayamba ntchitoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sindinamvepo mawu akuti blacker mpaka lero pamene mwawatchula.

Mbewe: Mayi Nachisale, sindikutsutsa kuti PostScript ndi imene inapambana pamapeto pake, ndipo ngakhale ife a TeX tinathera komweko kudzera mu dvips ya Tomas Rokicki, driver yomasulira DVI kukhala PostScript. Koma tiyeni tione mitengo. LaserWriter inkagulidwa madola 6,995, pamene HP LaserJet ya 1984 inali madola 3,495, ndipo zonse ziwiri zinali ndi injini imodzi yotulutsa masamba 8 pa mphindi. Madipatimenti ambiri ankagula yotsika mtengoyo, ndipo kusiyana kwake kunali pa memory. Pepala la A4 pa madontho 300 lili ndi madontho 2480 chopingasa ndi 3508 chotsika, onse pamodzi pafupifupi 8.7 miliyoni, amene amafuna memory yopitirira pang'ono 1 MB. LaserJet yoyamba inali ndi 128 KB yokha. Sinkatha kusunga chithunzi cha tsamba lathunthu, ndipo zilembo zake zinkachokera mu makatiriji amene munkalowetsa m'printamo. LaserJet Plus ya 1985 ndi imene inabwera ndi 512 KB n'kuyamba kulandira mafonti otumizidwa kuchokera pa kompyuta, ndipo apa m'pamene TeX inayamba kugwira bwino pa makina a HP.

Ngakhale pamenepo malire analipo. Tsamba limodzi silinkaloledwa kupitirira mafonti 16, ndipo kwa munthu wa masamu nambala imeneyo imatha msanga, chifukwa kukula kulikonse ndi fonti yakeyake: zilembo wamba pa makulidwe atatu, zopendekera za masamu pa makulidwe atatu, zizindikiro pa makulidwe atatu, kenako zonenepa, za pamutu ndi za mawu a m'munsi. Driver yanzeru inkatumiza zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito, ndipo mafonti akapitirira malire inkatumiza zotsalazo ngati tizithunzi. Memory ikadzaza printa inkaonetsa nambala 20, ndipo tsamba likakhala ndi zinthu zambiri moti printa yalephera kuzikonza pepala likuyenda inkaonetsa 21, tsambalo n'kutuluka lodukira panjira. Ndimakumbukira bwino tsamba la matebulo limene linkatuluka theka lokha, kumunsi kuli mbee, mpaka tinaligawa pawiri. Onjezani kuti LaserJet yoyamba inkalumikizidwa ndi chingwe cha serial, chimene pa liwiro la 9600 chimadutsa mabayiti osafika 1,000 pa sekondi, ndiye kuti chithunzi cha 1 MB chikanatenga mphindi pafupifupi 18. Mafayilo a PK, aja a mayina othera ndi pk, anapangidwa opanikizidwa chifukwa malo pa disiki nawonso anali ochepa.

Ndipo pali china chimene PostScript inabisa osati kuchithetsa. Vuto la mwendo wa madontho atatu linalipo ndithu pa LaserWriter, kungoti Adobe inaika malangizo m'mafonti ake a Type 1 othandiza kuti miyendo ya chilembo ituluke yofanana, ndipo inasunga chinsinsi cha mmene malangizowo amalembedwera mpaka 1990. Ena ambiri opanga mafonti ankagwiritsa ntchito Type 3, imene inalibe thandizo limenelo, ndipo zilembo zawo zing'onozing'ono sizinkaoneka bwino.

Nachisale: Pa mfundo ya chinsinsicho ndikugwirizana nanu, ndipo ndivomerezenso kuti madontho 300 sankakwanira ntchito yopita ku makina aakulu osindikizira. Pamene panalibe ndalama za Linotronic tinkasindikiza tsamba lokulitsidwa pa laser, kenako wojambula mapuleti ankalichepetsa ndi kamera, ndipo madontho ankapanikizana moti m'mphepete mwa zilembo munkasalala.

Mbewe: Nafenso tinkatero, pogwiritsa ntchito lamulo la TeX la \magnification. Tsamba lokulitsidwa ndi 1.44 likachepetsedwa ndi kamera limakhala ngati latuluka pa printa ya madontho 432.

Zulu: Ndalowa mochedwa, koma ndione ngati ndingaike mbali ya makompyuta oyendera Unix, chifukwa TeX sinali yokha. Ku Bell Labs, Joe Ossanna analemba troff, pulogalamu ina yosanjira zolemba, cha mu 1973 kuti iyendetse makina amodzi okha, a Graphic Systems CAT, amene ankajambula zilembo papepala la zithunzi ndipo ankanyamula mafonti anayi panthawi imodzi. Pulogalamuyo inalukidwa mozungulira makinawo moti maprinta ena atabwera zinali zovuta kuisintha. Ossanna anamwalira mu 1977, ndipo Brian Kernighan ndi amene anailembanso kuti izitulutsa fayilo yosadalira makina, imene pulogalamu ina inkaimasulira ku printa iliyonse. Maganizo ake ndi omwe aja a DVI. Malo amene anali ndi troff yakale yokha ankadalira mapulogalamu onamizira kuti printa ya laser ndi makina a CAT, ndipo phukusi la Adobe lotchedwa TranScript linali ndi pscat ya troff yakale ndi psdit ya yatsopano. Zinthu zinapepuka James Clark atatulutsa groff, troff yaulere, mu 1990.

Maprinta a laser analipo kale LaserJet isanabwere. Gary Starkweather anapanga woyamba ku Xerox kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, IBM 3800 inayamba kugulitsidwa mu 1976, ndipo Xerox 9700 ya 1977 inkatulutsa masamba 120 pa mphindi. Amenewa anali makina odzaza chipinda, a mabanki ndi makampani aakulu. Mayunivesite ochepa monga Stanford, MIT ndi Carnegie Mellon analandira printa ya Xerox yotchedwa Dover, ya madontho 384 pa inchi, pamene ena ankagula ya Imagen, imene poyamba inali ya madontho 240 ndipo inali ndi chinenero chakechake chotchedwa Impress. Choncho 300 sinali nambala yokhayo, ndipo woyang'anira makompyuta pamalo okhala ndi maprinta atatu ankasunga magulu atatu a mafonti omwewo.

Nangozo: Zikomo kwambiri nonse, tsopano zikumveka. Ndili ndi funso lina lochokera m'buku lomwelo. Patsamba lothokoza, malume analembapo ndime ya Chichewa, ndipo mawu akuti Malaŵi anatuluka ndi kachizindikiro kake pamwamba pa w bwinobwino, chonsecho ndimamva kuti makompyuta a nthawi imeneyo analibe chilembo chimenechi. Mu fayilo ya ndimeyo aikamonso zizindikiro za \- pakati pa mawu ambiri, monga mu\-nthu ndi zi\-ko\-mo. Kodi zimenezi zinali za chiyani?

Mbewe: Mwamva zoona, chilembo cha ŵ sichinali m'mindandanda ya zilembo za makompyuta ya ASCII kapena Latin-1, ndipo pa mndandanda wa ISO 8859 chinadzalowa mu 1998, mu gawo la 14, chifukwa cha chinenero cha ku Wales chimene chimachigwiritsanso ntchito. Koma TeX sinkasowa chilembo chokonzeratu. Munkalemba \^w, ndipo pulogalamuyo inkatenga kachizindikiroko n'kukaika pakati penipeni pamwamba pa w. Kwa ife olemba Chichewa chimenechi chinali chinthu chamtengo wapatali, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene ndinkaikondera TeX ngakhale pa makalata wamba.

Zizindikiro za \- ndi za kadulidwe ka mawu kumapeto kwa mzere. TeX imadula mawu potsata njira imene Frank Liang anakonza mu 1983, koma malamulo amene inkabwera nawo anali a Chingerezi cha ku America, amene amakonda kudula pakati pa makonsonanti awiri. Chichewa chimadula pambuyo pa vawelo, ndipo nth, mph kapena ng' sizilekanitsidwa, kotero pulogalamuyo ikasiyidwa yokha inkatha kudula mawu athu pamalo olakwika. Malume anu ankaiuza okha malo oyenera. TeX 3 ya 1990 ndi imene inalola kuti malamulo a zinenero zingapo akhale m'chikalata chimodzi.

Nachisale: Apa pokha ndigonje, Bambo Mbewe. Mafonti a pa LaserWriter analibe ŵ, ndipo ife tinkalemba kachizindikiroko pakokha n'kukakokera kumanzere mpaka kakhale pamwamba pa w, ntchito imene inkafunika kubwerezedwa mukangosintha kukula kwa zilembo. Nthawi zina, ntchito ikakhala yachangu, munthu ankangotenga cholembera cha inki yakuda n'kukajambula papepala lopita ku kamera. Ndikuganiza kuti kuvuta kumeneku kunathandizira kuti osindikiza ambiri azingolemba w wamba.

Gondwe: Ndikumbutse za pepala lenilenilo, chifukwa theka la madandaulo amene ankabwera kwa ife okonza makina silinali la mafonti. Mapulogalamu ambiri ochokera ku America ankaganiza kuti pepala ndi la Letter, la mainchi 8.5 ndi 11, pamene ku Britain ndi kwathu kuno timagwiritsa ntchito A4, la mamilimita 210 ndi 297. Pa LaserJet II ya 1987 ndi zotsatira zake, printa ikalandira tsamba la Letter muli A4 inkaima n'kulemba PC LOAD LETTER, ndipo anthu ankaganiza kuti vuto lili pa kompyuta, pamene PC ameneyo akunena kabokosi ka mapepala. Pa dvips mankhwala ake ndi kuwonjezera -t a4. Popanda zimenezo, pa printa ya PostScript tsamba linkatha kusunthika, chifukwa TeX imayeza kuchokera pakona ya kumwamba pamene PostScript imayeza kuchokera pakona ya kumunsi, ndipo mapepala awiriwa amasiyana msinkhu ndi mamilimita pafupifupi 18. Chinanso ndi chinyontho cha nyengo ya dzinja: pepala lonyowa silisunga bwino mphamvu ya magetsi, toner samatira mokwanira, ndipo timizere ta dontho limodzi ta a Mbewe tija ndi timene timayamba kusowa. Ndinkalangiza anthu kuti asamatsegule phukusi la mapepala mpaka tsiku loligwiritsa ntchito.

Nangozo: Cholinga changa ndi kusindikizanso bukuli kuti abale akhale nalo. Kodi ndigwiritse ntchito mafayilo a PK amenewa kuti lifanane ndi loyamba, kapena pali njira ina?

Mbewe: Musawagwiritse ntchito posindikiza, koma muwasunge. Printa ya lero ya madontho 600 kapena 1200 ikalandira zilembo za madontho 300 imaonetsa mano m'mphepete mwake, ndipo mu PDF sizioneka bwino pa sikirini, monga mmene mapepala ambiri a sayansi a m'zaka za m'ma 1990 ankaonekera. Mafonti a Computer Modern a mtundu wa Type 1, amene anakonzedwa ndi Blue Sky Research ndi Y&Y, anaperekedwa kwaulere mu 1997 mothandizidwa ndi American Mathematical Society ndi mabungwe ena, ndipo amabwera ndi phukusi lililonse la mapulogalamu a TeX lotchedwa TeX Live. Ngati muli ndi fayilo ya DVI, yambani ndi imeneyo: ipititseni mu dvipdfmx, imene imasandutsa DVI kukhala PDF, ndipo mzere uliwonse udzathera pamene unathera kalelo, chifukwa miyeso ya zilembo za Computer Modern sinasinthe. Ngati muli ndi fayilo ya .tex yokha, mudzaona kuti ikuyamba ndi \documentstyle, chizindikiro cha LaTeX 2.09, ndipo LaTeX ya kuyambira 1994 imailandirabe, ngakhale kuti mafayilo a kalembedwe a yunivesite imene anaphunzirako angafunike kuwafunafuna pa madisiki omwewo. Muyang'anenso ngati muli malamulo a \special, chifukwa zithunzi zinkalowetsedwa kudzera m'malamulo amenewo ndipo driver iliyonse inali ndi kalembedwe kake.

Zulu: Ndi kuwonjezera kumodzi: musanachite chilichonse, koperani madisikiwo onse pamalo awiri osiyana, ndipo ngati mupeza fayilo yotchedwa local.mf kapena modes.mf mutitumizire pagulu pano, chifukwa m'menemo ndi m'mene mungakhale mode_def imene ankagwiritsa ntchito, ndipo tidzatha kudziwa kuti printa ya m'chipinda cha makompyutayo inali ya mtundu wanji.